Batani likuti Desligar, koma fani ikulirabe

Makompyuta ambiri omwe amafika kuno ku Angónia ndi a kaunjika. Anagwirapo kale ntchito m'maofesi a kutali. Ena amachokera ku Maputo ndi ku Beira, ena amadzera ku Lilongwe n'kulowera pa Calómuè, ndipo akamatipeza ife amakhala atakalamba. Ntchito yanga ya pambali ndi kuwadzutsa. Ndimatsegula bokosi, kuchotsa fumbi, kuwonjezera RAM (memori yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito ikakhala yoyaka) ndikaipeza, kenako kuikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yolowa m'malo mwa Windows. Ndimasankha Linux chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, pomwe Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya zaka zaposachedwa, zomwe makina athu ambiri alibe. Ndi Linux, kompyuta ya zaka 15 imalemba makalata, kusindikiza ndi kutsegula intaneti bwinobwino.

Pa madandaulo onse omwe amandilondola ndikapereka makina kwa eni ake, pali limodzi lomwe sindilichedwetsa. Munthu wamaliza ntchito, watuluka mu akaunti yake, wabwerera pa sikirini ija yolembapo dzina ndi pasiwedi. Pakona pali kabatani, wadina, wasankha Desligar, mawu a Chipwitikizi otanthauza kuzimitsa. Sikirini yada. Koma kagetsi ka kutsogolo kwa bokosi kakuwalabe, fani ikuzungulirabe, ndipo ukaika dzanja kumbuyo ukumva mpweya wofunda. Kompyutayo yasiya kugwira ntchito koma sinasiye kudya magetsi.

Kwa munthu amene sawerenga magetsi ake, iyi ndi nkhani yaing'ono. Ife timawerenga. Chigawo chathu cha Tete ndicho chili ndi damu la Cahora Bassa pa Zambezi, kufupi ndi Songo, lomwe linamalizidwa mu 1974 ndipo majenereta ake asanu amatha kutulutsa mamegawati 2,075. Gawo lalikulu la magetsi amenewo limayenda pa nthambo za makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku siteshoni ya Apollo kufupi ndi Johannesburg. Kukhala m'chigawo chimodzi ndi damulo sikuchititsa kuti magetsi akhale aulere. Wa m'tauni ku Ulongué amagula mayunitsi a Credelec, magetsi olipiriratu, pa M-Pesa kapena e-Mola, n'kumayang'ana manambala akutsika pa mita. Wa kumudzi komwe mapolo sanafike amadalira sola ndi batire, ndipo dzuwa likalowa chomwe chili m'batirelo ndicho chake chonse mpaka mawa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti kompyuta yakale yomwe yakana kuzima ikudya mawati 50. Ofesi yatsekedwa 5 koloko madzulo, idzatsegulidwa 7 koloko m'mawa, ndiye maola 14. Pamenepo patha ma Wh 700 usiku umodzi (mawati 50 kuchulukitsa ndi maola 14), ndipo poti yuniti imodzi ndi ma Wh 1,000, pa mwezi ndi mayunitsi 21 ogulidwa ndi ndalama koma osalembera ngakhale kalata imodzi. Pa sola ndiye zimawawa kuposa apo. Batire la 12 V la 100 Ah limasunga ma Wh 1,200, koma mabatire a asidi awa safuna kutsitsidwa kupitirira theka, choncho omwe ungagwiritse ntchito osalipweteka ndi pafupifupi 600. Kompyuta imodzi yosazima imadya zonsezo n'kulowanso m'gawo lomwe siliyenera kukhudzidwa. Zikamachitika usiku ndi usiku, batire lomwe likanakhala zaka limafooka msanga.

Ndinaziona ndi maso m'kaofesi ka gulu lina la alimi a mbatatesi kunjira ya ku Tsangano. Ali ndi mapanelo padenga, batire, inveta, pulinta ndi kompyuta yomwe amalemberamo mayina a mamembala, matumba a fetereza ndi ngongole. Makinawo anawapatsa munthu wina, Linux ili kale m'kati. Mlembi wa gululo, mayi wachikulire wosamala zinthu kwambiri, ananditumira uthenga kuti ndipite.

"Amisiri, batire lija latha. M'mawa uliwonse tikumapeza inveta ikulira, kompyuta osayaka mpaka dzuwa litakwera. Komiti yagwirizana kuti tisonkhe tigule lina."

"Mayi, musanasonkhe, ndionetseni m'mene mumatsekera madzulo."

Anandionetsa. Anasunga fayilo yawo, kutseka pulogalamu, kutuluka mu akaunti, kudina Desligar pa sikirini yolowera, kudikira mpaka pade. Kenako anazimitsa monita pa batani lake, n'kutenga chitenje chopindidwa bwino n'kufunditsa monita ndi bokosi lomwe, kuopa fumbi. Palibe chomwe analakwitsa. Anachita ndendende zomwe anaphunzitsidwa, mwinanso mosamala kuposa achinyamata ambiri. Ndinakweza chitenjecho n'kuwapempha kuti aike dzanja kumbuyo kwa bokosi. Anangoti, "Aa! Ikupuma?" Titayatsanso monita, pansi pa sikirini yakuda panali kamzere kamodzi ka zilembo zoyera: `reboot: System halted`. Makinawo amakhala choncho usiku wonse, ali chifundireni, akudzitenthetsa okha mpaka inveta itadula chifukwa batire latsika.

Ndikhazikike pang'ono pa kamzere kameneka, chifukwa ukakamvetsa theka la ntchito watha.

Makompyuta ambiri a m'zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa ma 1990 analibe njira yodzizimitsira okha. Batani la kutsogolo linali siwichi yeniyeni yodula magetsi ochokera kukhoma. Ndi chifukwa chake omwe anagwiritsapo Windows 95 amakumbukira mawu a mtundu wa lalanje pa sikirini yakuda, owauza kuti tsopano akhoza kuzimitsa. Pulogalamu inkangokonza zonse n'kuima, chala cha munthu n'kumalizitsa. Mu 1995 Intel inatulutsa kapangidwe ka ATX, ndipo kuyambira pamenepo power supply, kabokosi kolandira magetsi a kukhoma, imamvera motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta. Mukatsegula bokosi n'kuyang'ana mtolo wa mawaya wopita ku motherboard, mupeza waya mmodzi wobiriwira. Ameneyo ndiye amauza power supply kuti iyake kapena izime. Pali winanso wa pepo yemwe amakhala ndi 5 V nthawi zonse malinga pulagi ili kukhoma, kuti batani la kutsogolo lizitha kumva likadinidwa. Chaka chotsatira, mu 1996, Intel, Microsoft ndi Toshiba anatulutsa ACPI, dongosolo lomwe pulogalamu yoyendetsa kompyuta imalankhulira ndi motherboard pa nkhani za magetsi. Mu ACPI muli magawo: S0 ndi kugwira ntchito, S3 ndi kugona zinthu zili mu RAM, S4 ndi kugona zinthu zitasungidwa pa disiki, ndipo S5 ndiko kuzima komwe tikufuna.

Linux inasunga njira zonse ziwiri, yakale ndi yatsopano. Lamulo la `halt` limatseka mapulogalamu, kulemba zotsala pa disiki, n'kuimitsa purosesa, basi. Lamulo la `poweroff` limachita zonsezo kenako n'kupempha ACPI kuti ilowetse makina mu S5. Zili ngati pa chigayo cha dizilo: `halt` ndi kuchotsa lamba kuti chisiye kugaya injini ikulirabe ndi kumwa mafuta, `poweroff` ndi kuzimitsa injiniyo. Kale pa ma Linux ambiri ukalemba `halt` makina ankazimiratu, choncho anthu anazolowera kuti malamulo awiriwa ndi amodzi. Systemd, pulogalamu yoyang'anira kuyaka ndi kuzima kwa Linux, itabwera inawalekanitsa momveka; mitundu ya Linux ya Debian ndi Ubuntu inaitenga mu 2015. Mafayilo akale ndi malangizo akale a pa intaneti anatsala ndi chizolowezi chakale. Makina akazima bwino, mzere womaliza womwe kernel, mtima wa Linux wolankhula ndi zida za makina, imalemba ndi `reboot: Power down`, ndipo nthawi zambiri suuwona n'komwe chifukwa sikirini imazima pompo. Ukaona `System halted` ili chikhalire, dziwa kuti mwina wina analamula `halt`, kapena `poweroff` inalamulidwa koma kernel inalibe njira yofikira ku ACPI.

Choncho choyamba chomwe ndimachita ndi kufufuza kuti mwa ziwirizi ndi chiti. Ndimalowa mu akaunti, kutsegula terminal (polembera malamulo), n'kulemba `sudo systemctl poweroff`, kapena `sudo poweroff` ngati makinawo alibe systemd. Akazimiratu, fani n'kukhala chete, ndiye kuti kernel ndi BIOS (kapulogalamu ka pa motherboard koyambitsa makina) zili bwino, vuto lili pa sikirini yolowera. Akaimanso pa malo omwe aja, ndiye kuti sikirini yolowera ilibe mlandu ndipo kuisintha n'kutaya nthawi. Ndaona anyamata akuchotsa Linux yonse n'kuikanso ina, tsiku lathunthu ndi mabandulo a intaneti, pomwe kuyesa kwa mphindi imodzi kukanawauza koyang'ana.

Sikirini yolowera ndi pulogalamu payokha, yotchedwa display manager, ndipo ilipo mitundu ingapo. Ubuntu imagwiritsa ntchito GDM, Linux Mint ndi Xubuntu LightDM, Kubuntu ndi Lubuntu SDDM. Pa makina ofooka kwenikweni mumapezeka SLiM, yomwe ndi yakale koma yopepuka. SLiM imasunga zonse mu fayilo ya `/etc/slim.conf`, momwe muli mzere woyamba ndi `halt_cmd`. Chomwe chalembedwa kutsogolo kwake ndicho chimachitika munthu akapempha kuzimitsa. Mukapeza `/sbin/halt` kapena `shutdown` wokhala ndi H wamkulu, gwero la vuto ndi limenelo. Ine ndimalemba chonchi:

`halt_cmd /sbin/shutdown -h -P now`

P wamkuluyo ndiye akunena kuti magetsi adulidwe. Pa ma Linux opanda systemd, monga Devuan ndi antiX, `-h` payekha amasiyira dongosolo kuti lisankhe lokha pakati pa kuima ndi kuzima, ndipo pa a banja la Debian chisankhocho chimakhala mu fayilo ya `/etc/default/halt`. Mmenemo muzikhala `HALT=poweroff`. SDDM nayo ili ndi mzere wake, `HaltCommand`, pansi pa `[General]` mu `/etc/sddm.conf` kapena mu kafayilo ka mu `/etc/sddm.conf.d/`, ndipo woyenera ndi `/usr/bin/systemctl poweroff`. Musanasinthe fayilo iliyonse mwa izi, ikopereni kaye pambali. Chilembo chimodzi cholakwika chikhoza kukusiyani opanda sikirini yolowera, ngakhale zikatero Ctrl, Alt ndi F3 zimakutsegulirani polembera kuti mubweze zakale.

LightDM ndi GDM zilibe mzere wotere. Zimangotumiza pempho ku logind, mbali ya systemd yoyang'anira omwe alowa m'makina, ndipo logind imafunsa polkit, pulogalamu yoona za zilolezo, ngati wopemphayo ali ndi chilolezo. Apa vuto limaoneka mosiyana. Ukadina Desligar palibe chimachitika, kapena makina amafunsa pasiwedi ya woyang'anira. Kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti pali munthu wina yemwe sanatuluke mu akaunti yake. Ku papelaria (sitolo ya mapepala ndi zolembera) ya mphwanga ku Ulongué zimachitika ndithu: kasitomala walemba CV yake, m'malo motuluka wangosinthira ku akaunti ina, n'kunyamuka. Lamulo la `loginctl list-sessions` limaonetsa onse omwe adakali m'kati, ndipo `systemd-inhibit --list` imaonetsa mapulogalamu omwe apempha kuti makina asazime kaye. Pali njira yolembera lamulo mu `/etc/polkit-1/rules.d/` lolola kuzimitsa ngakhale ena sanatuluke, pa chilolezo chotchedwa `org.freedesktop.login1.power-off-multiple-sessions`. Ndimaidziwa koma sindiikonda. Chotchingacho chinaikidwa kuti ntchito ya mnzako yosasungidwa isatayike, ndipo pa kompyuta ya anthu ambiri ntchito ya mnzakoyo ikhoza kukhala kalata yofunsira ntchito yomwe wailemba m'mawa wonse. Kuli bwino kuphunzitsa anthu kutuluka.

Nanga ngati `poweroff` ya mu terminal nayo yalephera? Pamenepo ndimalemba `cat /proc/cmdline` kuti ndione mawu omwe kernel inapatsidwa poyaka. Chomwe ndimasaka ndi `acpi=off`. Mawu amenewa ali ponseponse pa malangizo a pa intaneti. Kompyuta yakale ikakana kuyaka ndi Linux, kapena sikirini ikada pa chiyambi, wina amati ikani `acpi=off`, ndipo zoonadi imayaka. Woikayo amasangalala, kupereka makina, kunyamuka. Koma watseka khomo lokhalo lomwe kernel imadzera pokazimitsa magetsi, ndiye `poweroff` iliyonse imathera pa kuima. Apa ndimakwiya ndithu, chifukwa mtengo wa njira yachiduleyo amalipira ndi munthu wina, amene sadziwa n'komwe kuti pali mawu oterowo.

Kuyesa kuchotsa sikufuna kuwononga kanthu. Makina akamayaka dinani Shift kapena Esc kuti GRUB, mndandanda wosankhirapo Linux isanayake, ioneke, dinani e, pezani mzere woyamba ndi `linux`, fufutani `acpi=off`, kenako F10. Kusinthaku n'kwa ulendo umodzi wokha. Makina akayaka bwino, tsegulani `/etc/default/grub`, chotsani mawuwo pa mzere wa `GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT`, n'kulemba `sudo update-grub`. Akakana kuyaka, yesani mankhwala ochepa mphamvu, amodziamodzi: `nomodeset` ngati vuto ndi la zithunzi, `noapic`, kapena `pci=noacpi`. Amenewa amasiya ACPI ili moyo. Pa makina akale zedi nthawi zina pamafunika `acpi=force`. Muli pomwepo, chotsaninso `quiet splash` kwa kanthawi kuti muziona zomwe makina akulemba pozima. Lamulo la `journalctl -b -1 -e` limaonetsa mizere yomaliza ya ulendo wapitawo ngati makinawo amasunga zolemba zake pa disiki, koma zolembazo zimatsekedwa kuzima kusanafike kumapeto. Mizere yomaliza yeniyeni imaoneka pa sikirini pokha, ndiye ine ndimangoijambula ndi foni.

Pali mtundu wina wa kusazima womwe umasokoneza anthu kwambiri: makina amazima bwinobwino, patapita masekondi angapo n'kuyakanso okha. Kapena umawasiya atazima, m'mawa n'kuwapeza ali pa sikirini yolowera. Izi ndi za mu BIOS, yomwe umalowa ndi F2 pa Dell, F10 pa HP, kapena Del pa ena ambiri. Makompyuta a m'maofesi akuluakulu ankakonzedwa kuti aziyatsidwa patali kudzera pa waya wa netiweki, ndiye Wake on LAN imabwera ili yoyatsa. Izimitseni, pamodzi ndi kudzutsidwa ndi USB ndi kuyaka pa ola loikika. Kenako pezani pomwe pakunena zomwe makina achite magetsi akabwerera, pena pamalembedwa AC Recovery, pena Restore on AC Power Loss. Kwathu kuno, komwe magetsi amatha kuthima usiku n'kubwera mbandakucha, ndiponso komwe inveta imadzuka yokha dzuwa likatuluka, ikani pa Power Off. Ngati pali ErP kapena Deep Sleep, yatsani, chifukwa zimachepetsa magetsi omwe makina amamwa atazima. Ndipo ngati zomwe mwasinthazi zikumabwerera mwakale mukazula pulagi, tsiku ndi nthawi nazo zikumasokonekera, ndiye kuti kabatire kozungulira ka pa motherboard, CR2032, katha. N'kotchipa, ndipo pa makina a kaunjika ndimangokasintha osadikira.

Ena amandiyankha kuti zonsezi n'zovuta, bwanji osangouza anthu kuti azikanikiza batani la kutsogolo mpaka makina azime? Kunena zoona, pamene palembedwa `System halted` kukanikiza sikuwononga kanthu, chifukwa disiki yatsekedwa kale. Vuto langa ndi loti munthu wamba sangasiyanitse sikirini yakuda imeneyo ndi sikirini ina yakuda yofanana nayo. Nthawi zina makina amachedwa kuzima chifukwa systemd ikudikira pulogalamu ina kuti imalize, ndipo kuseri kwa chithunzi kumakhala mzere woti `A stop job is running`, womwe pa ma Linux ambiri umawerenga mpaka masekondi 90. Pa nthawi imeneyo disiki idakali yotsegula. Linux silemba chilichonse pa disiki nthawi yomweyo, zina imayamba yazisunga mu RAM. Ukakanikiza batani kwa masekondi anayi, motherboard imadula magetsi osafunsa aliyense, ndipo zomwe zinali mu RAM zapita. Ext4, kasungidwe ka mafayilo kofala pa Linux, ili ndi journal, kaundula wa zomwe zikusinthidwa, yomwe imateteza dongosolo la disiki kuti lisasweke, koma siikulonjeza kuti ndime zomaliza za fayilo yako zipulumuka. Fulashi ya FAT32 ilibe ngakhale journal imeneyo. Ndalandirapo makina oima pa mawu oti `(initramfs)`, ofuna `fsck`, lamulo lokonza disiki, asanayakenso, ndipo eni ake ankaganiza kuti zonse zatayika. Munthu ukamuphunzitsa kukanikiza lero chifukwa n'kotetezeka, adzakanikizanso tsiku lomwe sikotetezeka, ndipo mlandu sudzakhala wake.

Kudina kamodzi n'kuchotsa chala ndi nkhani ina. Kumeneko ndi kupempha, ndipo logind imakumva. Mu `/etc/systemd/logind.conf` muli mzere wa `HandlePowerKey`, womwe mwachibadwa uli pa `poweroff`. Kwa agogo ndi ana omwe mausi imawavuta, kudina kamodzi pa bokosi ndi njira yabwino yozimitsira, malinga mwayesa n'kuona kuti pa makinawo ikugwira.

A Windows asaganize kuti izi sizikuwakhudza. Kuyambira pa Windows 8 mu 2012 pali Fast Startup, yomwe imachititsa kuti ukadina Desligar makina atulutse anthu mu akaunti koma kernel isungidwe pa disiki kuti mawa ayake msanga. Magetsi amadulidwa ndithu, batire silitha, koma dongosolo silinayambirenso. Vuto la dzulo umalipeza mawa, ndipo pa kompyuta yokhala ndi Windows ndi Linux pamodzi, Linux imakana kulemba pa disiki ya Windows chifukwa imaiona ngati idakali pa ntchito. Kugwira Shift podina kuzimitsa kumazimitsiratu, ngakhale pa sikirini yolowera, ndipo `powercfg /h off` imachotseratu Fast Startup pamodzi ndi kugona kwa pa disiki.

Chomwe chimandipangitsa kulimbikira pa batani la pa sikirini yolowera makamaka ndi kuganizira yemwe amalidina. Si mmisiri ayi. Ndi mlembi wa gulu, mphunzitsi wotsala pomaliza m'chipinda, mtsikana wothandiza pa papelaria, mlonda yemwe wauzidwa kuti akaona kompyuta yoyaka aizimitse. Ambiri mwa iwo alibe pasiwedi ya woyang'anira, ena alibe akaunti n'komwe. Batani limenelo ndilo chida chokha chomwe tawapatsa, ndipo amalikhulupirira. Likawanamiza, amaluza mayunitsi, batire, ndipo kumadera otentha ngati mu mzinda wa Tete ndi ku Moatize, komwe Okutobala amafika madigiri 40, amaluzanso fani ndi power supply zomwe zikuzungulira m'fumbi usiku wonse popanda chifukwa. Ife oika mapulogalamu timayesa intaneti, kuyesa pulinta, kuyesa mawu, koma kuzimitsa timayesera mu terminal yathu ndi `sudo`, njira yomwe mwini makina sadzadutsamo. Masiku ano sindipereka kompyuta ndisanatuluke mu akaunti, kudina batani lomwelo lomwe mwini wake azidzadina, n'kuima pafupi mpaka fani itasiya. Ndimachitanso mwini wakeyo ali pompo, dzanja lake lili kumbuyo kwa bokosi, kuti adziwe kusiyana kwake.

Kwa alimi aja zinathera pa kusintha mzere umodzi mu fayilo ya sikirini yolowera. Batire linali litafooka kale ndithu, koma linapitiriza kugwira ntchito ya masana, ndipo chopereka chija anachiimitsa kaye.

Ngakhale makina azime bwino chotani, waya wa pepo uja amakhalabe ndi magetsi pulagi ikakhala kukhoma, ndiye kuti power supply idakali yolumikizidwa ku nthambo za kunja. Kumtunda kuno mvula ikayamba mu Novembala mpaka cha mu Marichi, ziphaliwali sizisewera, ndipo magetsi akamabwerera atathima nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira. Choncho ndondomeko yomwe ndimalemba pa pepala n'kumata pakhoma ndi yoti uyambe wadina Desligar, udikire fani ikhale chete ndi kagetsi kazime, kenako uzimitse pa soketi kapena uzule pulagi, n'kufunditsa chitenje pomaliza. Nyengo ya mvula uzulenso waya wa netiweki. Pa sola muzimitsenso inveta, chifukwa nayo imamwa batire ngakhale palibe cholumikizidwa. Ngati inveta yomweyo ikuyendetsa firiji kapena magetsi a panja, gulani ekisitenshoni yokhala ndi siwichi kuti kompyuta, monita ndi pulinta zizidulidwa pamodzi, zinazo zikuyakabe.